Kabotolo Kopanda Dzina

Pachitseko cha filiji ya kwa achimwene panali pepala limene ndinalemba ndekha ndi rula zaka zinayi zapitazo, Amayi atangotuluka m'chipatala. Sitiroko inali itawaumitsa mbali yakumanja ndi kuwalanda mawu ambiri. Ana awo tilipo atatu, ndiye ndinagawa masiku a sabata mofanana. Lolemba ndi Lachisanu achimwene. Lachiwiri ndi Lachitatu mng'ono wanga, amene timamutcha Mzime. Lachinayi ndi Loweruka ine. Lamlungu tonse. Pepalalo ndinalikuta ndi pulasitiki kuti lisanyowe. Ndine kalaliki pasukulu ya sekondale, ndipo mapepala otere ndimawatha.

Dzina la alamu anga, akazi a achimwene, silinali papepalapo. Sikuti tinawaiwala. Tinati Amayi ndi athu, si bwino kusenzetsa mwana wa eni ake. Tinanena zimenezi mokweza, tikudzimva kukoma mtima.

Koma achimwene amayendetsa thiraki, ndipo Lolemba nthawi zambiri limawapeza ali kutali. Mzime ali ndi saluni imene satha kuisiya ndi antchito okha. Ine ndili ndi sukulu. Ndiye pepala lija linkagwira ntchito motere: mwini tsiku akadzuka ankaimba foni. "Alamu, mundigwirireko lero lokha." Yankho linali limodzi chaka chonse. "Palibe kanthu." Achimwene mpaka anawapatsa dzina lomwelo. Akafika kuchokera kuulendo ankakuwa ali pageti, "A Palibekanthu, mulipo?" Tonse tinkaseka, eni akenso ankaseka.

Ndikulemba za iwo, ndi za kabotolo kamene ine ndinataya, ndi za miyezi iwiri imene ndinakhala chete anthu akuwatcha osasamala chifukwa cha kabotolo komweko.

Amayi asanadwale, alamu anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pafakitale yosoka mayunifolomu a ana asukulu. Sankasoka malaya athunthu. Awo anali makolala okhaokha, kuyambira mmawa mpaka belu loweruka. Tikamayenda mumsewu ankatha kuyang'ana khosi la mwana wodutsa n'kunena kuti, "Ilo si langa, nsonga zake zasiyana." Ana awo awiri aakazi anakula n'kukakhala kwaokha. Amayi anabwera kunyumba kwawoko "kwa miyezi itatu yokha" chifukwa ndi nyumba yopanda masitepe. Alamu anapempha tchuthi kufakitale. Tchuthi chinatha, anapempha china, kenako anasiya kupempha. Makina awo osokera apakhomo anawafunditsa nsalu, ndipo pamwamba pake m'pamene tinkaika mankhwala a Amayi.

Amayi ali ndi shuga kuyambira kale. Ali m'chipatala ankawabaya insulini, koma potuluka adokotala anawasinthira ku mapiritsi. Achimwene ankakonda kuwaseka nazo. "Amayi, amenewa ndi matenda a anthu adyera. Paja munkabisa paketi ya shuga kuseri kwa mbale, tinkakuonani." Amayi ankawaopseza ndi dzanja lamanzere. Zaka ziwiri zapitazo alamu anaonda kwambiri, kenako anayamba kunenepa. Mzime sanachedwe kuona. "Alamu, phala la Amayi likukoma eti? Supuni imodzi Amayi, ziwiri inu. Taonani masaya!" Alamu anagwira tsaya lawo, anamwetulira, n'kupita kukayang'ana poto.

Loweruka limene ndikunena ndinapitadi. Ndikapita, ntchito yanga inali kukonza zinthu: kupukuta mashelefu, kuwerenga madeti pamabotolo, kutaya zotha ntchito. Kusambitsa Amayi ndi kuwasintha ndinkawasiyira alamu, poti iwo ndiwo anazolowera. Nditatulutsa zonse m'filiji, ndinapeza kontena ya majarini kumapeto kwenikweni kwa shelefu yapansi. Inali yopepuka. M'kati munali kabotolo ka insulini, kokulungidwa m'kansalu. Kapepala ka dzina la wodwala kanali katamatulidwa, patangotsala zomata.

Ndinaganiza msanga, ndipo ndinadziyamikira. Ndinati aka n'kotsala ka Amayi, kakhala muno zaka. Wina angadzakaone n'kuwabaya, pamwamba pa mapiritsi. Sindinakaponye m'bini ayi. Ndinakaika m'chikwama kuti Lolemba ndikakasiye m'bokosi lotayamo mankhwala kukiliniki ya pafupi ndi sukulu, ndipo ndinakasiyadi.

Potuluka ndinawapeza alamu kuseri, akufinya shiti la Amayi pabeseni.

"Alamu, ndachotsa kabotolo kakale ka Amayi kaja. Kanali m'kontena ya majarini. Zinthu zotere zisamakhalitse m'nyumba."

Manja awo anaima. Madzi ankadontha kuchokera pashiti kugwera pamapazi awo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana chikwama changa.

"Mwakatenga, azakhali?" Amanditchula choncho potsata ana awo.

"Ee, ndikakataya koyenera. Bwanji?"

Anapotokola shiti lija kamodzinso. "Palibe kanthu."

Lachinayi lotsatira linali tsiku langa. Inali sabata ya mayeso, mapepala ali mulu patebulo panga. Ndinaimba foni ndili pasiteji ya basi.

"Alamu, mundigwirireko lero lokha."

Ndinkamva wailesi ya Amayi chapatali.

"Azakhali, ngakhale mmawa wokhawu? Mpaka teni koloko basi."

Pa zaka zinayi zonse anali asanapemphepo chotere. Ine ndinayang'ana basi imene inkabwera.

"Lero lokha ayi, alamu. Aphunzitsi aakulu angandidye wamoyo. Pali vuto?"

"Ayi. Palibe kanthu."

Zimene ndinadziwa pambuyo pake ndi izi. Kiliniki ya a shuga kumene alamu ankatenga insulini imatsegula Lachinayi mmawa basi. Masiku onsewo ankapita kamodzi pamwezi, Lachinayi limene ine ndabweradi, n'kunena kuti akupita kumsika. Amayi sasiyidwa okha, amayesa kudzuka n'kugwa. Ndiye alamu anaganiza kuti akasiya kudya, shuga sakwera, adikira Lachinayi linalo. Anakhala masiku akumwa madzi okha, akuphikira Amayi, kuwadyetsa, kuwanyamula.

Lolemba cha m'ma naini mmawa, mayi woyandikana nawo nyumba anamva kapu yachitsulo ikugogoda pachitsulo cha bedi osaleka. Anali Amayi, ndi dzanja lawo lamanzere. Mayiyo atalowa anapeza alamu atagona pansi pakati pa bafa ndi chipinda, thaulo lili m'manja, akupuma mothamanga. Anali atasanza zakuda ngati matsalira a khofi. Achimwene anali paulendo. Mayiyo anaimbira ine.

Kuchipatala anawathamangitsira m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Namwino anatuluka ndi fayilo.

"Abale awo ndani?"

Tinaimirira ine ndi Mzime.

"Shuga anawapeza liti? Amabaya mayunitsi angati?"

"Shuga ndi wa Amayi athu," anatero Mzime. "Awa ndi owasamala chabe. Mwasokoneza mafayilo."

Namwinoyo anatiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, ntchafu zawo zonse ndi zipsera za jakisoni. Mumakhala nawo?"

Mzime anatembenukira kwa ine. Ine ndinayang'ana pansi. Pamenepo m'pamene ndinaona kontena ya majarini ija m'maso mwanga, ndi kansalu kaja, kopindidwa m'mphepete ndi msoko wowongoka umene Amayi sakanasoka. Ndinadziwa nthawi yomweyo. Ndinatsegula pakamwa, koma namwino anali atayamba kale kulemba. Ndinaona zimene analemba pakhadi: anasiya mankhwala.

Tsiku lachitatu, shuga atatsika, anawalowetsa kachingwe ka kamera kukamwa kuti aone kumene magazi ankachokera. Achimwene anali atafika, akununkhabe dizilo. Adokotala, bambo wamtali wolankhula pang'onopang'ono, anatiitanira m'kachipinda n'kutionetsa chithunzi.

"Iyi ndi njira imene chakudya chimadutsa kuchoka kukamwa kupita m'mimba. Mmero. Umayenera kukhala wofiirira ngati m'kati mwa tsaya. Taonani apa."

Chakumunsi konse kunali kwakuda bii, ngati m'kati mwa paipi ya utsi.

"Munthu wofunika insulini akaisowa masiku angapo, thupi limauma ndipo magazi amawawasa. Magazi sanafike bwino kummeroku, ndiye asidi wa m'mimba pamene ankasanza anapeza khungu lofooka kale. Khungu lam'kati lafa. Si zochitikachitika. Ine pa ntchito yanga yonse aka n'kachiwiri."

"Apola?" anafunsa achimwene.

"Ngati sipabooka, apola. Koma pakapola pamatha kutsala chipsera, njira n'kuchepa. Tiona. Pakadali pano asadye kanthu, asamwe kanthu. Zonse zidutsa m'diripi."

Poti zinali zosowa, mmawa uliwonse pankabwera ophunzira udokotala asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ankaima mozungulira bedi, chithunzi chija chikuyenda m'manja mwawo. Mmodzi ankawerenga khadi mokweza, ndipo ankafika pamawu aja: anasiya mankhwala. Alamu ankatembenukira kukhoma n'kukokera shiti mpaka kukhutu. Milomo yawo inali yong'aluka. Ntchito yanga inali kunyowetsa thonje ndi kuwapukuta milomoyo, osalola dontho kulowa. Ndinkachita mosamala kwambiri. Sankandiyang'ana, inenso sindinkawayang'ana.

M'khonde la wodi achimwene ankayenda uku ndi uku. "Zaka ziwiri! Mkazi wanga kudzibaya zaka ziwiri m'nyumba mwanga, ine osadziwa. Masingano ndawapeza m'kabati ka makina, pamodzi ndi mabobini. Kubisako ndi kwina, komanso kusiya? Munthu wamkulu ndithu?"

"Atichititsa manyazi," anatero Mzime. "Namwino uja anandiyang'ana ngati ndine mfiti."

Ine ndinati, "Tiyeni tiyambe tathokoza kuti ali moyo." Zinamveka ngati mawu a munthu wanzeru. Ndinadziuza kuti ino si nthawi yake, ndidzanena akatuluka.

Masabata atatu amene anakhala m'chipatala, pepala la pafiliji linagwira ntchito monga linalembedwera, koyamba chilembereni. Tsiku langa loyamba Amayi anakana kudya. Ndinayesa kuwanyengerera, phala likungotuluka pakona ya mlomo. Anandilanda supuni ndi dzanja lamanzere n'kuiponya pansi. Ndinachita kufunsa alamu kuchipatala. Anayankha ndi mawu okwekwereza, maso ali kudenga.

"Supuni ilowere kumanzere. Kumanjako samva. Mukatha muone ndi chala ngati chatsalira m'tsaya."

Zina ndinaziphunzira ndi msana. Amayi amatembenuzidwa maola awiri aliwonse. Pansi pa mkono wouma pamaikidwa kathaulo kopinda katatu, apo ayi m'khwapa mumasupuka. Piritsi loyera limasinjidwa, lachikasu silisinjidwa. Zala za dzanja louma zimafumbata, ndiye mmawa uliwonse umazitambasula chimodzichimodzi m'madzi ofunda ndi kupukuta pakati pake. Shiti limodzi patsiku silikwana. Zaka zinayi Amayi anali asanakhalepo ndi chilonda cha pabedi. Ife tinawapatsa chimodzi m'masiku khumi.

Mzime anathyola zikhadabo ziwiri sabata yoyamba. "Koma alamu ankatha bwanji? Amayi ndi olemera ngati filiji!"

Amayi anamumva. Anatulutsa limodzi mwa mawu ochepa amene anawatsalira. "Waulesi."

Alamu anatuluka ataonda, malaya akulendewera m'mapewa. Poyamba madzi ndi supu zinkadutsa. Patapita masabata angapo, chimene adokotala ankaopa chinachitika. Njira inachepa. Mpunga unkaima pachifuwa. Kenako ngakhale phala lolimba linkabwerera. Anasiya kukhala nafe patebulo. Nthawi ya chakudya ikakwana ankati adya kale.

Masana ena a Loweruka ndinalowa m'khitchini kukatenga madzi ofunda. Ndinawapeza atakhala pakampando kuseri kwa chitseko, pamene munthu wodutsa sangawaone. Anali ndi makapu awiri. Imodzi inali ya phala lamadzimadzi losefa. Inayo inali yolavuliramo zikakana kutsika. Atandiona anaivundikira ndi nsalu yopukutira mbale.

Ndinatseka chitseko. Ndinakhala pansi, pasimenti, chifukwa panalibe mpando wina.

"Alamu, kabotolo kaja kanali kanu."

"Ee."

"Ndinadziwa tsiku lomwe lija kuchipatala."

"Ndinaona kuti mwadziwa. Mmene munkandipukutira milomo."

"Bwanji simunandiuze pabeseni paja? Kanali m'chikwama changa. Ndikanangotsegula zipi."

Anazunguza kapu ya phala m'manja. "Ndiyeno Lamlungu lake nonse mukanakhala pabalaza kukamba za ine. Matenda a adyera agwira wina. Masaya aja tsopano tadziwa. Ndani asamala Amayi, ndani asamala alamu. Inu mukanatenga rula n'kulemba pepala lina." Anayesa kumwetulira. "Nyumba imodzi odwala awiri, azakhali? Ndinaona kuti Lachinayi si kutali."

Sanawonjezere kuti Lachinayi linali la ndani. Tonse tinkalidziwa.

"Pepani," ndinatero.

Ndinadikira mawu awo aja akuti palibe kanthu. Ndikuvomera kuti ndinawadikira ngati munthu wodikira basi yomaliza. Sanabwere. Anamwa pang'ono phala lija, anatseka maso, anaimika khosi, akudikira kuti aone ngati litsika. Linatsika.

"Madzi a Amayi azizira," anatero.

Ndinatuluka ndikudziuza kuti ndanena. Koma ndinali nditanena kwa munthu mmodzi yekha amene ankadziwa kale. Kunja kwa khitchini ija nkhani inali yomwe ija. Mayi woyandikana nawo uja ankauza anzake pampopi. Ana a alamu ankaimba foni kuwakalipira mwachikondi, "Amama, musadzasiyenso mankhwala." Achimwene anayamba kuima pambali pamene akudzibaya, manja ali m'chiuno, ngati woyang'anira mayeso. Alamu ankakweza nsalu pantchafu nkhope ili kumbali.

Adokotala anati njira ija iyenera kutanulidwa pang'onopang'ono ndi kabaluni kolowetsa kukamwa, kamodzi pa masabata awiri, kangapo. Tsiku lake linali Lachinayi. Amagoneka munthu ndi mankhwala, ndiye pamafunika womuperekeza, ndi winanso wotsala ndi Amayi. Achimwene anaitanitsa msonkhano Lamlungu masana.

Tinakhala patebulo lodyera. Amayi anali pampando wawo wamatayala pafupi ndi zenera. Alamu anatiikira tiyi ndi buledi, iwo n'kukhala chakumapeto, manja ali pamiyendo. Achimwene anaika khadi lakuchipatala pakati pa tebulo n'kulimenya ndi chala.

"Ine abwana andiuza kuti ndikapemphanso tsiku, thiraki apatsa wina. Mzime akuti makasitomala akuthawa. Zonsezi chifukwa cha kusamva. Sindikukalipa ayi, koma tinene zoona. Munthu wakupatsa mankhwala dokotala, iwe n'kusiya. Mwana angachite zimenezo, koma inu?"

"Komanso kubisa," anatero Mzime. "Alamu, ife ndi zilombo? Mukanangonena kuti anzanga, ine ndatopa nawo majakisoni, tikanakulimbikitsani."

Alamu ankayang'ana nyenyeswa za buledi patebulo. Anazisonkhanitsa ndi m'mphepete mwa dzanja, monga amachitira nthawi zonse, n'kuzigwira m'chikhatho posowa pozitaya.

Ine ndinali ndi pepala latsopano ndi rula m'chikwama. Ndikanatha kuzitulutsa n'kunena kuti tiyeni tisakumbe zakale, tigawane masiku. Akanandimvera, amandimvera nthawi zonse.

"Sanasiye," ndinatero.

"Wati chiyani?" anafunsa achimwene.

"Sanasiye mankhwala. Ndinawataya ndine. Ndinawapeza m'filiji Loweruka, ndinayesa ndi akale a Amayi. Ndinawauza kuti ndataya, iwo anachita manyazi kunena kuti ndi awo. Lachinayi anandipempha kuti ndibwere mmawa wokha kuti akatenge ena. Linali tsiku langa. Ndinakana. Ndakhala ndikudziwa kuyambira tsiku limene anagonekedwa."

Mzime anaika kapu yake pansi pang'onopang'ono.

"Iwe?" anatero. "Iwe amene umatiwerengera madeti a pamabotolo?"

"Ine."

"Ndiye m'khonde muja, ine ndikubwebweta, iwe unali chete ukudziwa? Wandisiya ndilankhule zonsezi?"

"Ee."

Achimwene anapukuta nkhope ndi manja onse awiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako, poti mkwiyo unali utazolowera njira imodzi, anatembenukiranso kwa akazi awo.

"Komabe inu. Zaka ziwiri. Ine mwamuna wanu. Bwanji osandiuza?"

Alamu anakweza maso. Mawu awo anali akadali okwekwereza, koma anamveka bwinobwino.

"Ndikanakuuzani Lolemba liti?"

Achimwene anayang'ana kuchitseko cha khitchini, kumene filiji inkaonekera, ndi pepala langa lokutidwa pulasitiki, dzina lawo lili pamwamba penipeni. Kuzenera kuja Amayi anagogoda kapu yawo kawiri pachitsulo cha mpando. Sindikudziwa ngati ankavomereza kapena ankafuna tiyi wina. Alamu anayamba kudzuka.

"Khalani," anatero achimwene. Anadzuka okha, anatenga tiyipoti, anathira mpaka kusefukira m'sosala. Amayi anawayang'ana n'kunena mawu awo aja: "Waulesi."

Tsiku limenelo sitinalembe pepala. Potuluka, alamu anandiperekeza mpaka pageti monga mwa masiku onse. Ndinkaganiza kuti anena kanthu za zimene zachitika.

"Lachinayi mufike sikisi koloko," anatero. "Osati seveni. Mzere umatalika."

Ndinafika sikisi isanakwane. Mzime anatsala ndi Amayi, atavala magolovesi mpaka m'zigongono. Kuchipatala, alamu atalowa, ndinapita kwa namwino wa magalasi uja ndi khadi m'manja. Ndinamufotokozera zonse, ndili chiimire, anthu a pamzere akumva. Ndinapempha kuti afufute mawu aja.

"Pakhadi sitifufuta, mayi."

"Ndikudziwa. Inenso ndine wa mafayilo. Koma mutha kulemba pansi pake."

Anandiyang'ananso pamwamba pa magalasi. Anatenga cholembera, analemba deti, n'kulemba kuti mankhwala anatayidwa ndi wachibale mosadziwa, wodwala anasowa womusiyira ntchito. Anasaina. "Wachibaleyo ndi inu?"

"Ndi ine."

"Mm," anatero, n'kuitana wotsatira.

Alamu anatuluka ali ndi tulo ta mankhwala, kukhosi kukuwawa. M'basi anatsamira paphewa langa. Chapakati panjira anatsegula maso, n'kuyang'ana mtsikana wasukulu amene anakhala kutsogolo kwathu.

"Kolala ilo alisoka mothamanga," ananong'ona, n'kugonanso.

Pano apitako kasanu. Phala lolimba likutsika, dzira lofewa, buledi woviika mu tiyi. Nyama adokotala akuti tisalonjezane. Mwina adzafunika kabaluni kaja moyo wawo wonse, mwina ayi. Abwerera patebulo, koma kapu yachiwiri ija imakhala pamiyendo pawo, pansi pa nsalu, ndipo tonse timayesa ngati sitikuiona. Theka la mbale limawatengera nthawi imene ife tikanadya kawiri. Achimwene aphunzira kutafuna pang'onopang'ono kuti asamalize okha. Dzina la Palibekanthu lija anasiya kuwaitana nalo. Tsiku lina linawapulumuka ali pageti, analimeza pakati.

Foni za mmawa sizinatheretu. Mzime anayesa sabata yatha. Akuti alamu anamuyankha kuti, "Lero sinditha," osapereka chifukwa. Mzime anatseka saluni mpaka masana.

Insulini tsopano imakhala pachitseko cha filiji, pashelefu ya mazira, poonekera. Loweruka lapitali ndikupukuta mashelefu ndinaona kuti kapepala ka kuchipatala kayamba kumatuka ndi chinyezi. Ndinatenga cholembera ndi tepi m'chikwama.

"Alamu, ndikulembereni dzina bwinobwino, kangasokonezeke."

Anali pabalaza. Anali atachotsa mankhwala a Amayi pamakina aja n'kuwaika pawindo, ndipo ankathira mafuta m'timabowo ta makinawo.

"Kasiyeni, azakhali," anatero osatembenuka. "Ndilemba ndekha. Inu Amayi akudikira kusamba."

Ndinabweza cholembera m'chikwama, ndinapinda manja a bulauzi, n'kupita kukatenga beseni.